N'chifukwa chiyani amasunga nsomba zakufa m'mabotolo?

Mayi ena andilembera imelo atapita ndi ana awo kumyuziyamu ya zachilengedwe. Akuti anapeza mashelefu odzaza mabotolo a nsomba zofa kalekale, zosuluka mtundu, ndipo zinawakhudza. Afunsa kuti: "Ngati cholinga n'kuteteza nsomba, bwanji osangozijambula n'kuzibwezera m'madzi?"

Mayi, mukadzapitakonso mudzayang'anitsitse m'botolomo. Pambali pa nsombayo pamakhala kapepala konyowa kolembedwapo malo amene inagwidwa, tsiku, ndi dzina la amene anaigwira. Kwa ine chuma chenicheni ndi kapepalako. Nsomba yopanda kapepala ndi mtembo chabe, koma yokhala nako ndi mboni yoti mtundu wakutiwakuti unali mumtsinje wakutiwakuti chaka chakuti.

Chithunzi chimathandiza, makamaka poti mtundu wa khungu umasuluka m'botolo. Koma chithunzi simungachitsegule m'mimba kuti muone zomwe nsombayo inkadya, simungachiunike ndi X-ray kuti muwerenge mafupa a msana, ndiponso sichionetsa mano a kukhosi amene akatswiri amasiyanitsira mitundu yofanana kwambiri. N'chifukwa chake amayamba adula kachidutswa ka chipsepse kuti asunge DNA, kenako amaviika nsombayo m'mankhwala otchedwa formalin kuti isawole, n'kuisamutsira mu ethanol (mowa waukali) wa 70 peresenti. Munthu akamapereka dzina la sayansi ku mtundu watsopano, amasankha nsomba imodzi yoti ikhale muyeso wa dzinalo, ndipo aliyense wokayikira ayenera kukaiyerekeza ndi imeneyo.

Mu December 1938, Marjorie Courtenay-Latimer, yemwe ankayang'anira myuziyamu ya ku East London ku South Africa, anapeza chinsomba chachilendo pakati pa nsomba zimene sitima ina inakoka. Chinali coelacanth, mtundu umene asayansi ankati unatha zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Analibe posungira chinsomba chachikulu chonchi, moti zam'mimba zinawola n'kutayidwa, ndipo katswiri wa nsomba J.L.B. Smith anadikira mpaka 1952 kuti aone china, chogwidwa ku Comoros. Zaka 14 zathunthu!

Koma nkhani imene imandigwira mtima ndi ya Nyanja ya Victoria. M'zaka za m'ma 1950 anthu anaikamo nsomba yolusa yotchedwa Nile perch. Pofika m'ma 1980 inali itaswana kwadzaoneni, madzi nawonso akuipiraipira, ndipo mitundu pafupifupi 200 ya tinsomba ta cichlid (ta m'banja limodzi ndi chambo) inasowa. Mwamwayi, akatswiri ochokera ku Leiden ku Netherlands anali atayamba kale kusonkhanitsa tinsombati kufupi ndi mzinda wa Mwanza ku Tanzania m'ma 1970. Mitundu ina lero tikuidziwira m'mabotolo awo okha. Ndipo pamene mitundu ingapo inayambanso kuoneka, anaiyerekeza ndi ya m'mabotolo n'kupeza kuti ina yasintha thupi, ziwalo zopumira zakula pamene mpweya unachepa m'madzimo. Popanda nsomba zakalezo, ndani akanadziwa kuti pasintha kanthu?

Pa nkhawa yanu yakupha, sindikutsutsani kotheratu. Wofufuza ayenera kukhala ndi chilolezo, atenge zochepa, ndipo mtundu umene watsala pang'ono kutha ausamale kwambiri. Komabe zimene amatengazo n'zochepa zedi poyerekeza ndi zimene khoka limodzi limavuula pa tsiku.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'china. Nsomba zambiri zoyamba kusonkhanitsidwa mu Africa zili m'mamyuziyamu a ku London, Paris ndi Tervuren ku Belgium, kutali ndi ophunzira amene amakhala m'mbali mwa madzi momwe zinachokera. Mbiri ya zina tsopano ikupezeka pa intaneti kudzera ku GBIF, nkhokwe ya padziko lonse ya mbiri ya zamoyo, zomwe zachepetsako vutoli. Komanso mabotolowa amafuna munthu woyendera shelefu ndi shelefu, kuona zivundikiro ndi kuwonjezera ethanol akaphwa. Ntchito imeneyi ilibe mbiri, ndalama zake zimavuta, koma botolo likangouma, nsomba imene yasungika zaka 100 imasanduka chikwakwalala ndipo palibe kobwerera kukagwira inzake ya chaka chomwecho.