Yambani ndi nambala ya lisiti pa URL

Achimwene, mwafunsa kuti muyambire pati poteteza pulogalamu yanu yosunga malisiti a makasitomala, yomwe mwailemba ndi Laravel, chida chopangira mapulogalamu a pa intaneti. Ine ndikuti kuloweza OWASP Top 10, mndandanda wa mitundu khumi ikuluikulu ya mabowo a mawebusaiti, kudikire kaye. Werengani momwe makampani akuluakulu anaboolekera, kenako mukasake bowo lomwelo mu code yanu.

Yoyamba ikhale First American Financial ya ku America. Mu 2019 zinadziwika kuti zikalata pafupifupi 885 miliyoni, zambiri zokhudza ngongole za nyumba ndi maakaunti a ku banki, zinali pambalambanda. Sipankafunika ukatswiri ayi. Munthu akangosintha nambala pa link ya chikalata chake, cha mnzake chinkatseguka, popanda ngakhale password. Vutoli amalitcha IDOR. Ndiye lero lomwe pangani maakaunti awiri oyesera, mulowe ndi yoyamba, kenako pa URL muikepo nambala ya lisiti la akaunti yachiwiri. Likatseguka, ntchito mwaipeza. Seva izifunsa nthawi iliyonse ngati lisitilo ndi la amene walowayo, kubisa batani patsamba sikuthandiza kanthu. Ndikukakamira pamenepa chifukwa Laravel payokha sidziwa mwini lisiti, muyenera kuiuza nokha kudzera m'ma policy, malamulo omwe mumalemba onena amene akuloledwa kutsegula chiyani.

Za SQL injection, pomwe wakuba amalowetsa malamulo ake ku database kudzera m'malo olembamo patsamba, Eloquent (chida cha Laravel cholankhulira ndi database) imakutchinjirizani bola musamalumikize zolemba za ogwiritsa ntchito mu DB::raw, yomwe imatumiza zolembazo ku database osazisefa. Koma musaiwale masamba akale. TalkTalk, kampani ya mafoni ndi intaneti ya ku Britain, inaberedwa mu 2015 kudzera m'masamba omwe inawatengera pogula kampani ina yotchedwa Tiscali n'kuwaiwala. Makasitomala pafupifupi 157,000 anakhudzidwa, ndipo kampaniyo inalipira chindapusa cha £400,000.

Equifax, kampani ya ku America yosunga mbiri ya ngongole za anthu, ndiye yomvetsa chisoni. Chigamba chotseka bowo mu Apache Struts, chida chomwe webusaiti yawo inkagwiritsa ntchito, chinatuluka mu Malichi 2017, iwo sanachiike, akuba n'kulowa mu Meyi, zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni n'kupita. Inu muziyendetsa composer audit pafupipafupi, imakuuzani ngati zida za ena zomwe mwaika mu pulogalamu yanu zili ndi mabowo odziwika.

Pophunzira, Web Security Academy ya PortSwigger ndi yaulere, ndipo OWASP Juice Shop, webusaiti yoyesera yomwe anaiika mabowo mwadala, mukaiika pa kompyuta yanu simutha bandulo. Malipoti omwe HackerOne, tsamba lomwe opeza mabowo amauzirapo makampani, imawaika poyera nawonso ngokoma kuwerenga, mumaona momwe wopeza bowolo ankaganizira. Koma webusaiti ya eni ake musaiyese popanda chilolezo cholembedwa: kuno ku Malawi, Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imati kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu.