Kwa mayi amene afunsa za kanyumba kakang'ono ku Lilongwe

Mayi, mwafunsa ngati n'kwanzeru kugula kapena kumanga kanyumba ka chipinda chimodzi ndi pabalaza, popeza nyumba zogulitsa ku Lilongwe zafika pa mitengo imene munthu wodalira malipiro a pamwezi sangaifikire, pamene lendi ya ku Area 25 komwe mukukhala ikungokwerabe. Ineyo ndinadutsa m'njira yomweyi, ndipo ndikukulimbikitsani kuti mumange, koma pokhapokha ngati kanyumbako kadzaima pa malo anuanu, osatsutsika, komanso okhala ndi mpata woti nyumba idzakule.

Kukwera kwa mitengo kuli ndi zifukwa zake zooneka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo chiwerengerocho chakhala chikukula, pamene nyumba za Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi ozifuna. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo malata, zitsulo, mapaipi ndi penti zinakwera nthawi yomweyo, chifukwa zambiri mwa izo kapena zipangizo zake zimachokera kunja. Ngakhale simenti yopangidwa ku Kasungu ndi ku Mangochi imafika ku Lilongwe pa galimoto zoyendera mafuta ogulidwa ndi madola. Ngongole ya kubanki nayonso inatuluka m'manja mwa ambiri, pakuti mu 2024 banki yaikulu ya Reserve inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo wokongola wamba amalipira choposa pamenepo.

Koma musaganize kuti mukachepetsa nyumba ndi theka ndiye kuti mtengo nawonso watsika ndi theka. Tengani kanyumba ka mamita 4 m'litali ndi 4 m'lifupi: khoma lake lozungulira ndi mamita 16. Nyumba ya mamita 8 mbali zonse ili ndi khoma lozungulira la mamita 32, kuwirikiza kawiri kokha, komabe malo a m'kati mwake ndi ochuluka kanayi. Onjezeraninso zinthu zimene sizichepa ngakhale nyumba ichepe motani: mtengo wa poloti, kukoka madzi, kulumikiza magetsi a ESCOM, kukumba chimbudzi ndi kuvomerezetsa pulani kukhonsolo. N'chifukwa chake kanyumba kakang'ono kogulitsidwa kale kokha, pa kapoloti kothinana komwe simungawonjezerepo ngakhale khitchini, nthawi zambiri kamakhala kodula kuposa momwe kakuonekera, ndipo banja likakula mudzapezeka mukufunanso nyumba ya lendi.

Njira imene inandithandiza ndi yomwe anthu ambiri m'tauni muno amaidziwa, yoyamba ndi bwayizi kota. Ndinapempha wojambula mapulani kuti ajambule poloti yonse, nyumba yaikulu kutsogolo ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kumbuyo, ndipo ndinamanga kakumbuyoko kokha. Tinalowamo pansi pali simenti yosasalala, mawindo awiri titatseka ndi mapulanga, mayi a kunyumba akuphikira pa mbaula panja, pansi pa malata atatu amene tinakhomera kukhoma. Mvula ikagwa usiku sitinkamvana polankhula chifukwa kunalibe siling'i. Komabe mwezi woyamba umene sindinapereke lendi ndinagula nawo mchenga lole imodzi, ndipo mulu wa mchenga uja, ana akuseweretsa pabwalo, unali chiyambi cha maziko a nyumba imene tikukhalamo lero. Mnansi wanga wina anamanga kanyumba kake pakatikati pa poloti, ndipo pofuna kukuza anakakamizika kugwetsa khoma lomwe anali atalivutikira zaka ziwiri. Choncho malo oikapo kanyumbako muwaganizire musanakumbe.

Nkhani ya malo ndiyo ndikufuna muisamale koposa, chifukwa anthu ambiri amene ndawaona akulira sanalire chifukwa cha simenti. Madobadoba ena amagulitsa poloti imodzi kwa anthu awiri kapena atatu, ndipo kapepala kolembedwa pamanja pamaso pa mboni sikakutetezani mokwanira pamene wina wabwera ndi chikalata cha boma. Musanapereke ndalama, kafufuzeni ku unduna wa za malo kapena kukhonsolo kuti malowo ndi a ndani, ndipo ngati ali m'dera la mafumu, kumanani ndi amfumu komanso abale a wogulitsayo, osati wogulitsa yekha. Malo otsika mtengo modabwitsa amakhala ndi chifukwa chake. Tonse tikukumbukira momwe namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokololera nyumba m'munsi mwa phiri la Soche ku Chilobwe, ndipo kuno ku Lilongwe anthu okhala m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi ku Mtandire akudziwa kusefukira kwa madzi. Poloti iliyonse imene yakusangalatsani mu Ogasiti, kaioneninso mu Febuluwale mvula ili pakati, muone komwe madzi akuyenda komanso ngati galimoto ingafikeko.

Muwerengerenso mtunda. Malo a kunja kwa mzinda, monga cha ku Njewa kapena ku Nathenje, amatsika mtengo, koma ndalama ya minibasi ya inuyo ndi ana asukulu tsiku ndi tsiku ikhoza kudya zonse zimene mwapulumutsa pa lendi.

Pa kapezedwe ka ndalama, katapila mum'pewe kotheratu, ndipo ngongole ya banki nkhonde muitenge ya gawo limodzi lokha la ntchito, monga denga, lomwe mukudziwa kuti mubweza m'miyezi yochepa. Popeza kwacha yosungidwa imatha mphamvu, ndi bwino kusunga chuma chanu m'zipangizo: malata, mafulemu a zitseko ndi zitsulo zimadikira osawonongeka zikakhala pouma. Simenti yokha musaiunjike, chifukwa ikakhalitsa imagwira chinyontho n'kuuma m'thumba momwemo. Mukaigula, muumbitse mabuloko sabata yomweyo ndi kuwathirira madzi masiku angapo kuti alimbe. Mmisiri mugwirizane naye pa gawo lililonse palokha, maziko, khoma, denga, ndipo muzimulipira gawolo likatha.

Ngati mungatiuze dera limene mukuliganizira komanso kukula kwa banja lanu, ndikhoza kukufotokozerani momwe ndinagawira zipinda ziwiri zija kuti anthu asanu tikwanemo, ndi khoma limene ndinalisiya dala lopanda windo kuti ndidzalumikizirepo chipinda chachitatu.