Tifunseni: Ntchito ya Kafukufuku wa Zipatala Zazing'ono

Funso: Zikomo alangizi. Ine ndine namwino komanso mzamba, ndipo ndagwira ntchito zaka 6 pachipatala china chaching'ono kuno ku Blantyre. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi odwala BP ndi shuga amene amabwera kamodzi kapena kawiri, kenako osaonekanso, mpaka tsiku limene abale awo adzabwera nawo atafa kale ziwalo. Ndimafunitsitsa nditadziwa chimene chimawabweza, koma anzanga amandiuza kuti kafukufuku ndi wa madokotala akuluakulu a ku Gulupu. Kodi namwino ngati ine ali ndi malo? Nanga ndingayambire pati? Ndine wowerenga wanu wa ku Machinjiri.

Yankho: Mayi, malo alipo, ndipo funso limene mwalembali ndi funso la kafukufuku kale, ngakhale kuti simunalitchule choncho. Boma la Blantyre lilibe chipatala chachikulu cha boma monga momwe ziliri ku Chiradzulu kapena ku Thyolo, choncho munthu wa ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni kapena Mpemba akadwala amayambira pachipatala chaching'ono, ndipo chimene chalephereka pamenepo chimakathera ku Queen Elizabeth, komwe ndi ku Gulupu kuja, chitakula kale. Dokotala wa ku Gulupu amaona munthu atafa ziwalo, pamene inu munamuona miyezi ingapo m'mbuyomo akuyenda yekha, kabuku ka kuchipatala kali m'manja. Chimene chinachitika pakati pa masiku awiriwo ndicho amafufuza anthu a kafukufuku wa chithandizo choyambirira cha zaumoyo: kaya mankhwala anali atatha tsiku limene anabwera, kaya mzere unatalika iye n'kuthamangira kuganyu, kaya palibe anamufotokozera kuti mankhwala a BP sasiyidwa ngakhale mutu utasiya kupweteka.

Anzanuwo muwakumbutse za katemera wa taifodi. M'chaka cha 2018, ana oposa 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa analowa m'kafukufuku woyesa katemerayu, ndipo zotsatira zinaonetsa kuti amateteza ana pafupifupi 80 mwa 100 alionse amene akanadwala. Mu 2023 boma linayamba kumupereka m'dziko lonse. Amene ankabaya ana, kufotokozera makolo, kutenga magazi a mwana aliyense wobwera ndi thupi lotentha komanso kulemba zonse mosalakwitsa anali anamwino, ma clinical officer ndi antchito oyenda m'makomo. Chimodzimodzinso njira yodziyeza wekha HIV, imene bungwe la WHO linavomereza mu 2016, inayesedwa kwambiri m'makwalala a mzinda uno, anthu akulandira zipangizo kuchokera kwa anansi awo.

Khomo lolowera limene anamwino ambiri amadzera ndi ntchito ya namwino wa kafukufuku. Ntchito zotere zimalengezedwa m'nyuzipepala ndi pa intaneti ndi sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences, imene tonse timangoti KUHeS, komanso mabungwe amene amagwira nayo ntchito monga Malawi Liverpool Wellcome Programme, Johns Hopkins Research Project, Blantyre Malaria Project ndi Malaria Alert Centre. KUHeS inayamba mu 2021 pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizidwa, kotero aphunzitsi a unamwino ndi a udokotala tsopano ali pansi pa denga limodzi. Musanalembe kalata yofunsira ntchito, onetsetsani kuti chiphaso chanu cha ku Nurses and Midwives Council chili bwinobwino, ndipo pezani satifiketi ya Good Clinical Practice, imene olemba ntchito ambiri amaifuna ndipo mungaiphunzire mwaulere pa intaneti kudzera ku Global Health Network. Maphunzirowa amakhudza zinthu zimene zimaoneka zazing'ono koma ndiye msana wa ntchito yonse: kupempha chilolezo cha wodwala mosamukakamiza, kusunga chinsinsi chake, ndi kukonza cholakwika pa fomu mosafufuta chimene chinalembedwa poyamba.

Koma pali chinthu chimene ndikufuna muchigwiritse, chifukwa ndimamva chisoni ndikaona anamwino aluso atatha zaka 10 akudzaza mafomu a mafunso a anthu ena, dzina lawo osaoneka pa lipoti ngakhale limodzi. Kutolera ziwerengero ndi poyambira chabe. Funso lanu la odwala BP musalitaye. Lilembeni pa tsamba limodzi, nenani anthu amene mukufuna kuwatsata, kwa miyezi ingati, ndi chimene chingasinthe pachipatala mukapeza yankho, kenako mupite nalo kwa mphunzitsi wa ku KUHeS wa za umoyo wa anthu m'madera kapena wa family medicine, womwe ndi udokotala wosamalira anthu a misinkhu yonse pa matenda osiyanasiyana, kuti akhale mlangizi wanu. Musayambe kufunsa odwala kapena kukopera za m'kaundula musanalandire chilolezo cha ofesi ya zaumoyo ya boma lanu komanso cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu, monga COMREC ya ku KUHeS kapena NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo, pakuti ntchito yochitika popanda chilolezo palibe magazini ya sayansi ingaisindikize. Kafukufuku wochepa wotere akhoza kuwerengedwa pamsonkhano wa pachaka umene KUHeS imaulutsirapo zotsatira za kafukufuku, kapena kutumizidwa ku Malawi Medical Journal, ndipo ndi umboni umene umalemera kwambiri tsiku limene mudzapemphe malo a digiri yachiwiri ya public health, yomwe ndi ya za umoyo wa anthu m'madera.

Funso: Ndinamaliza digiri ya masamu ndi ziwerengero chaka chatha ndipo mpaka pano ndikadali pakhomo pa makolo ku Chilobwe. Za chipatala sindinaphunzireko. Kodi kafukufuku wa zaumoyo angandilandire?

Yankho: Achimwene, angakulandireni ndi manja awiri, chifukwa anthu odziwa kusanthula ziwerengero ndi ochepa kuposa ntchito imene ilipo. Mayankho a odwala masiku ano amalembedwa pa tabuleti kudzera m'mapulogalamu monga ODK ndi REDCap, ndipo pamafunika munthu wokonza mafomuwo, wopeza zolakwika tsiku lomwelo, ndi wosanthula zonse pomaliza pogwiritsa ntchito mapulogalamu a pa kompyuta a Stata kapena R. Pulogalamu ya R ndi yaulere, choncho nthawi imene muli pakhomoyi iphunzireni, ndipo yeserani pa ziwerengero zenizeni za Malawi Demographic and Health Survey, kafukufuku wa dziko lonse wa za umoyo wa mabanja, zimene munthu amatha kuzipempha pa intaneti. Mukapita kokayesedwa ntchito muli ndi kanthu kamene munasanthula nokha, mwachitsanzo za ana amene sanamalize katemera, mudzaposa amene angobwera ndi pepala la digiri.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukalembedwa ntchito, musamangokhala pa kompyuta. Pemphani kuti mupite kusikelo ya ana m'mawa wina, mukaone mlangizi wa zaumoyo akulemba m'kaundula, dzanja lina akukweza mwana pasikelo, amayi ambirimbiri akudikira. Mukatero mudzamvetsa chifukwa chake mipata ina imakhala yosalembedwa, ndipo simudzafulumira kunena kuti ana sanabwere pamene mwina anabwera koma sanalembedwe. Anzanu amene anaphunzira za chikhalidwe cha anthu, zachuma kapena zilankhulo nawonso muwauze kuti malo alipo. Kucheza ndi odwala, kutsogolera zokambirana za m'magulu ndi kumasulira mafunso n'luso lalikulu, pakuti munthu akati mtima ukundithamanga kapena ndili ndi malungo, sizitanthauza nthawi zonse matenda amene buku la dokotala limatchula ndi mawu amenewo.

Funso: Ndine clinical officer wa m'boma ndipo ndili pabanja, ana atatu. Ndapatsidwa mwayi wa ntchito ya kafukufuku ya zaka 2 imene malipiro ake ndi okwera kuposa amene ndikulandira. Akazi anga akuopa kuti ndikasiya m'boma tidzavutika ntchitoyo ikadzatha. Kodi ndichite chiyani?

Yankho: Bambo, mantha a mayiwo ali ndi maziko, ndipo musawaone ngati akukubwezani m'mbuyo. Ntchito zambiri za kafukufuku zimayendera ndalama zochokera kunja zimene zimaperekedwa kwa zaka zowerengeka, ndipo ndalamazo zikatha kontirakiti nayonso imatha, ngakhale munthu atagwira bwino chotani. Kumayambiriro kwa 2025, boma la America litaimitsa thandizo lambiri la kunja, antchito ambiri a zaumoyo m'dziko muno anapezeka ali pakhomo mwadzidzidzi. Choncho musanasaine, funsani mafunso awa momasuka: ndalama za kafukufukuyu zatsimikizika mpaka liti, za penshoni ndi za chipatala cha banja lanu zili bwanji, ndipo kodi pali mwayi woti akulipirireni sukulu kapena kukuikani m'gulu la olemba lipoti? Funso lomalizali ndilo lofunika koposa, chifukwa zaka 2 zimene zakusiyirani digiri kapena dzina pa lipoti losindikizidwa zimakutsegulirani ntchito ina, pamene zaka 2 za malipiro okha zimatha pamodzi ndi malipirowo.

Funsaninso kwa akuluakulu a kuntchito kwanu ngati malamulo akulolani kupita patchuthi cha maphunziro kapena kubwerekedwa kwa kanthawi, m'malo mosiyiratu. Dziwaninso kuti KUHeS ili ndi madigiri okwezera ma clinical officer amene ali ndi dipuloma, ndipo digiri yoyamba ndiyo imafunika munthu asanaganize za yachiwiri kapena PhD. Amene amakhazikika pantchitoyi nthawi zambiri ndi amene afika pokhala aphunzitsi a payunivesite, chifukwa kuphunzitsa kumawapatsa malipiro okhazikika pamene akupempha okha ndalama za kafukufuku wawo. Njirayi ndi yaitali, ndipo ndi bwino kuti inu ndi mayi muiwerengere limodzi, pamodzi ndi fizi ya ana, musanayankhe kalatayo.

Funso: Mwana wanga wamkazi akumaliza udokotala ndipo akuti akufuna family medicine, osati za opaleshoni monga tinkayembekezera. Kodi sakudzichepetsa? Nanga maphunziro apamwamba angawapeze bwanji ife tilibe ndalama?

Yankho: Mayi, sakudzichepetsa ayi. Family medicine ndi ukatswiri wathunthu wa zaka 4 umene College of Medicine inayamba kuphunzitsa mu 2015, ophunzira ake akuphunzirira pachipatala cha boma cha Mangochi, ndipo cholinga chake ndi kutulutsa dokotala wotha kusamalira mayi woyembekezera, mwana, gogo wa shuga ndi wovulala pangozi, komanso kutsogolera zipatala zazing'ono za m'boma lonse. Kuyambira pamsonkhano wa ku Alma-Ata mu 1978, womwe unatsimikizidwanso ku Astana mu 2018, mayiko anagwirizana kuti umoyo wa mtundu umayambira pa chithandizo chapafupi ndi anthu, ndipo madokotala a mtundu umenewu akadali ochepa kwambiri m'Malawi, choncho mwayi wophunzitsa ndi wotsogolera kafukufuku ndi waukulu kwa amene alowa msanga.

Za ndalama, muuzeni azitsatira zolengeza za Commonwealth Scholarship, Chevening ndi Beit Trust, imene imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, komanso CARTA, imene imalipirira PhD aphunzitsi achinyamata a m'mayunivesite a mu Africa. Ambiri mwa mabungwewa amafuna makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi amene akumudziwa bwino, kotero ayambe tsopano kuthandiza pa kafukufuku wa mmodzi mwa aphunzitsi ake, asanapite kukayamba internship, ntchito yoyamba ya pachipatala imene dokotala watsopano amagwira moyang'aniridwa.