Ndigule mainjini khumi oika pa njinga? Mayankho kwa owerenga atatu

Mafunso atatu amene ndalandira akukhudza chinthu chimodzi, njinga yakapalasa yoikidwa injini. Ndichedwa pa loyamba chifukwa pali nkhani ya ngongole.

Funso: Ndakhala ndikukonza njinga zakapalasa kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka chatha ndinagula kainjini kaja kamabwera m'katoni pamodzi ndi thanki, tcheni ndi kabureta, n'kukamanga pa njinga yanga. Anthu amandiimitsa panjira kufunsa ngati ndingawapangire. Ndikufuna kutenga ngongole ndigule mainjini khumi nthawi imodzi kuti anditsitsire mtengo. Kodi ndi nzeru?

Achimwene, luso muli nalo ndipo ntchitoyi ikhoza kukupindulirani, koma ngongole ya mainjini khumi musatenge. Ambiri mwa anthu okuimitsani panjira aja amangosirira. Kasitomala mumamudziwa akasiya ndalama m'manja mwanu. Itanani atatu mwa amene anafunsa, muwauze mtengo wonse, ndipo muwauze kuti apereke theka tsopano kuti muitanitse injini yawo. Amene abwerenso mawa lake ndi ndalama ndiwo msika wanu.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Soichiro Honda, amene anayambitsa kampani ya Honda, anayamba mu 1946 pomangirira pa njinga zakapalasa timainjini totsala pa nkhondo, tomwe tinkapatsa magetsi mawailesi a asilikali a ku Japan. Mu 1952 kampani yake inatulutsa Cub F, kainjini kofiira kokhala ndi kathanki koyera, komanga pambali pa gudumu lakumbuyo. Mnzake amene ankayendetsa zandalama, Takeo Fujisawa, analembera makalata eni masitolo ogulitsa njinga pafupifupi 50,000, ndipo wofuna katunduyo ankayamba watumiza ndalama. Kampani ya mpamba wochepa inkapanga katundu ndi ndalama za ogula. Inunso mungachite zomwezo pa njinga imodzi imodzi.

Kutsitsiridwa mtengo kumene kukukukopaniko kuwerengereni bwino. Tiyerekeze kuti wogulitsa wakutsitsirani 10 peresenti, koma ngongole ikudya 5 peresenti mwezi uliwonse. Pakatha miyezi iwiri kutsitsirako kwatha, mainjini asanu ndi awiri akadali m'makatoni, ndipo chiwongoladzanja sichidikira kuti mugulitse kaye.

Pamene ambiri amagwera ndi pa kutchula mtengo. Munthu amawerenga injini, n'kuwonjezerapo pang'ono pa thukuta lake, basi. Koma katoni ija ilibe zonse. Taonani giya yaikulu ya mano 44 imene imapita ku gudumu lakumbuyo. Imamangidwa pa masipoko enieniwo, popanikiza mphira uku ndi uku ndi mabawuti. Ndiye kuti mphamvu yonse ya injini ikudutsa pa timawaya timene tinapangidwira mwendo wa munthu. Pakapita milungu ingapo sipoko imodzi imati phwa, ina n'kutsatira, limu n'kuyamba kuvina, tcheni n'kumavuka. Mwini wake sanena kuti gudumu langa linali lofooka, amanena kuti amisiri aja anandiwonongera njinga. Choncho gudumu lolimba lilowe mu mtengo kuyambira pachiyambi: masipoko onenepa a geji 12 m'malo mwa a geji 14, limu ya zipupa ziwiri, kapena chitsulo chogwirira giyayo pa habu kuti masipoko apume.

Palinso kagudumu kakang'ono kokungira tcheni, kamene kamangofinyidwa pa felemu ndi mabawuti. Kakamasuka kamapotolokera m'masipoko, gudumu n'kuima nji munthu ali pa liwiro. Kameneka musakapatse mwana wophunzira ntchito kuti amange yekha.

Mabuleki nawonso ndi ndalama. Njinga yothamanga makilomita 40 pa ola imafuna mtunda wochuluka pafupifupi kanayi kuti iime poyerekeza ndi yothamanga makilomita 20, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri mphamvu yofunika kuithetsa imawirikiza kanayi. Njinga ya buleki imodzi yopondera kumbuyo musaiike injini mpaka mutaiika buleki yakutsogolo yogwira bwino. Kasitomala akakana kulipira zimenezi, ntchitoyo ikaneni. Ya felemu ya aluminiyamu yopyapyala kapena yong'aluka kale ikaneninso, chifukwa timainjini timeneti timanjenjemera kwambiri ndipo felemu yachitsulo ndiyo imapirira. Kubowola felemu kuti injini ikwane n'kuika mng'alu ndi dzanja lanu.

Kenako maola anu. Tsiku limene mukumanga injini simukumata machubu kapena kuwongola malimu, ndiye ndalama imene mumapeza pa tsiku wamba ndiyo yochepetsetsa imene mungalipiritse pa tsiku limenelo. Pamwamba pake patulani gawo limodzi mwa magawo khumi la ndalama ya ntchitoyo, likhale la njinga zobwerera, chifukwa zidzabwerera ndithu. Walira mvula walira matope.

Chitsimikizo chanu chilembedwe papepala, kasitomala lake inu lanu: masiku 30 pa kamangidwe, koma injini youma chifukwa chosowa oyilo ndi ya mwini wake. Mainjini ambiri a m'makatoniwa ndi a two-stroke, amene oyilo wake amasakanizidwa ndi petulo. Pa muyezo wa 25:1, lita imodzi ya petulo imafuna mamililita 40 a oyilo, ndipo injini ikakhala yatsopano timabuku take timanena kuti oyilo achulukirepo. Munthu wamba sakumbukira manambala amenewa. Mupatseni kabotolo kokhala ndi mzere, mumuuze kuti lita iliyonse oyilo afike apa. Kabotolo kameneko kadzakupulumutsani ku mikangano yambiri.

Muwauzenso zoona za kukula kwa injini. Zambiri zolembedwa kuti 80cc zimakhala za 66cc zikayezedwa. Izi zimakhudzanso malamulo, chifukwa mayiko ambiri amaika malire pa 50cc. Ku European Union, mwachitsanzo, moped (njinga ya kainjini kakang'ono) siyenera kupitirira 50cc ndi makilomita 45 pa ola, ndipo ikapitirira pamenepo imawerengedwa ngati njinga yamoto. Musanagulitse ngakhale imodzi, pitani ku ofesi yoona za pamsewu ya dziko lanu mukafunse za nambala, laisensi, inshulansi ndi chipewa choteteza mutu. Njinga ikalandidwa pamsewu, mwini wake amabwera kwa inu kudzafuna ndalama zake.

Ngati mpamba wochepa muli nawo kale, ine ndingauike pa zipangizo zosinthira: mapulagi, makebulo, matcheni, magasiketi, maring'i a pisitoni ndi timphira ta kilatchi. Injini munthu amagula kamodzi, koma njinga iliyonse imene mwamanga idzakhala ikubwera kwa inu zaka zonse zimene ikuyenda, ndipo okonza njinga ambiri sadziwa kutsuka kabureta.

Funso: Ndimayenda makilomita 15 kupita ku ntchito ndi 15 pobwerera, ndipo ndalama ya ulendo ikunditha. Ndiike injini pa njinga yanga, ndigule moped yakale, kapena ndiike mota yamagetsi?

Mayi, yambani ndi pepala. Lembani zimene mumawononga pa ulendo sabata imodzi. Chotsanipo mafuta kapena magetsi a sabata, ndi kandalama kokonzetsera. Chotsalacho ndicho chimene mudzapulumutse. Gawani mtengo wonse wa njingayo ndi chotsalacho, mudzapeza masabata amene idzabweze ndalama yanu. Ikapitirira chaka, injini ya m'katoni isiyeni, chifukwa pa makilomita 30 tsiku lililonse idzafuna zambiri nthawiyo isanakwane.

Injini ya m'katoni ndiyo yotsika mtengo pogula, koma imafuna munthu woyenda ndi sipanala m'chikwama amene sadandaula kuda m'manja. Ngati si inu, musadzinamize. Ya four-stroke ya 49cc ndi yofatsa, oyilo wake sasakanizidwa ndi petulo, koma ndi yotambalala ndipo imadulirapo.

Moped yochokera ku fakitale ili ndi ubwino umodzi waukulu: felemu, magudumu ndi mabuleki anapangidwira injiniyo. Dzinalo linachokera ku Sweden mu 1952, pophatikiza mawu otanthauza injini ndi mapedulo, ngakhale kuti zambiri za masiku ano mapedulo zilibe. Pogula yakale, funsani zinthu ziwiri musanakambe za mtengo: mapepala ake, ndi komwe zipangizo zake zimapezeka. Mukaiyese m'mawa injini ili yozizira, chifukwa wogulitsa wochenjera amaitenthetsa inu musanafike.

Yamagetsi ndiyo ndingasankhe ngati magetsi otchajira ali odalirika. Batire ya 36V ndi 10Ah imasunga 360Wh za mphamvu ya magetsi, zimene pa msewu wopanda zitunda, inu mukupalasako, zimafika cha pamtunda wanuwo koma popanda chotsala chambiri. Tengani yokulirapo kapena muzitchajanso ku ntchito. Batire ndiyo chinthu chodula pa zonsezi ndipo imafooka ikatchajidwa maulendo mazana angapo, ndiye mwezi uliwonse muzisunga pang'ono ya batire yotsatira. Tchajala ikhale yake yeniyeni, ndipo musaisiye ikutchaja usiku pakhomo lotulukira, chifukwa moto wa batire ya lithiamu ndi wovuta kuzimitsa.

Funso: Ndatha miyezi inayi ndikumanga njinga yanga: felemu yaitali, thanki yowotcherera ndekha, penti ya mitundu itatu. Ofuna kugula akutchula ndalama yosafika ngakhale pa zipangizo zokha. Ndalakwitsa pati?

Simunalakwitse, mphwanga, koma munamanga njinga ya maso anu. Wogula amalipira injini yolira bwino ndi mabuleki ogwira, ndipo penti imene inu munaikonda iye akhoza kufuna kuifuta. Imeneyo musaigulitse motaya. Ikwereni, ijambuleni zithunzi zabwino, anthu aione, ikhale chikwangwani chanu. Wina akaisirira, mumangireni yake mwa oda: asankhe yekha mtundu ndi kaonekedwe, mulembe zonse papepala, apereke ndalama ya zipangizo musanadule chitsulo choyamba. Akasintha maganizo ntchito ili pakati, kusinthako kukhale ndi mtengo wake. Ndipo thanki yowotcherera nokhayo muziiyesa ndi mpweya ndi madzi a sopo musanathiremo petulo, thovu likaoneka pamsoko muwotchererenso.