Kodi wakuba angakubereni ndalama khadi lili m'chikwama?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Iwo anaona kanema pa WhatsApp wosonyeza munthu akuyandikiza makina olipirira kuthumba la mnzake m'sitima yodzaza, ndiye akufunsa ngati n'zoona kuti makadi akubanki ongogunditsa pamakinawa angaberedwe mwanjira imeneyi, komanso ngati n'koyenera kugula chikwama chapadera chimene amalonda amati chimatchinga.

Mayi, nkhawa yanu si yopanda pake, koma kwa ine ngozi yaikulu siili pamene kanemayo akuloza. M'kati mwa khadi lanu muli kachipangizo ka RFID, kotumiza uthenga kudzera m'mafunde a wailesi, kolumikizidwa ndi kawaya kopyapyala kamene kamazungulira m'mphepete. Kachipangizoka kalibe batire, ndipo kamagona mpaka makina owerengera atayandikira n'kukapatsa mphamvu kudzera m'mafunde a wailesi a 13.56 MHz, amene pamakina a m'sitolo amafika masentimita 4 okha kapena kuposerapo pang'ono. N'chifukwa chake sikangauze munthu kumene muli monga mmene GPS ya foni imachitira, ngakhale kuti mphekesera imeneyi imamveka kawirikawiri.

Munthu amene wakukanikizani m'basi ali ndi chowerengera angathe kupeza nambala ya khadi ndi mwezi umene lidzathere ntchito, koma sangapeze PIN kapena manambala atatu akuseri aja. Komanso nthawi iliyonse imene mukulipira, khadilo limapanga chizindikiro chachinsinsi chogwira ntchito kamodzi kokha, kotero kuti zimene wakubayo watola sizikwanira kupangira khadi lina lofanana nalo. Makina olipirira nawonso amalembetsedwa kubanki m'dzina la wamalonda, ndipo ndalama zimapita kuakaunti yodziwika mwini wake, choncho woba mwanjira imeneyi amakhala akudzisiyira yekha mapazi omutsatira.

Chimene ndimaopa ine n'chapafupi kwambiri: khadi kugwa kapena kubedwa. Wolitola sasowa luso lililonse, amangolowa m'sitolo n'kugunditsa, popeza zinthu zotsika mtengo sizifuna PIN. Ku Britain malire a malipiro otere anakwezedwa kufika pa £100 mu October 2021, ndiye ganizirani ngati munthu atagunditsa katatu inu musanazindikire. Tsegulani uthenga wa SMS wokudziwitsani za malipiro alionse, ndipo ngati banki yanu imalola kutsitsa malirewo kapena kuzimitsa kugunditsa kudzera pa foni, chitani zimenezo lero.

Palinso timakadi ndi tizitsulo totsegulira mageti a kuntchito ndi a nyumba zalendi, timene anthu satiganizira n'komwe. Tambiri takale timagwiritsa ntchito mafunde a 125 kHz, ndipo timangotchula nambala yake kwa aliyense wofunsa popanda chinsinsi chilichonse. Ndinaonapo mmisiri wina wodula makiyi akuika kotsegulira geti pansi pa kamakina kokwana m'dzanja, n'kudina batani limodzi, kenako n'kuikapo kena katsopano, ndipo geti linatseguka ndi tonse tiwiri ine ndisanamalize n'komwe kuwerenga ndalama yomulipira. Ngakhale makadi otetezedwa sakhala otero mpaka kalekale. Mu 2008 akatswiri a ku Radboud University ku Nijmegen, m'dziko la Netherlands, anasonyeza kuti chinsinsi cha kachipangizo kotchedwa MIFARE Classic, kamene kankagwiritsidwa ntchito pa makadi a Oyster olipirira sitima ndi basi ku London, chinali chosavuta kuthyola, ndipo kampani ya NXP, yopanga kachipangizoka, itapita kukhoti kuti iwaletse kufalitsa zimene anapezazo, inagonja.

Pasipoti yamakono ndi yabwinoko, chifukwa kachipangizo kake sikayankha mpaka makina atawerenga kaye mizere iwiri ya zilembo imene ili m'munsi mwa tsamba la chithunzi, kutanthauza kuti bukulo liyenera kutsegulidwa.

Pankhani ya zinsinsi za moyo wanu, vuto lenileni ndi kaundula amene amatsala kumbuyo. Mukagunditsa khadi pa geti lokwerera sitima ya Gautrain ku Johannesburg kapena pakhomo la ofesi, kompyuta ina imalemba malo ndi nthawi, ndipo miyezi ikapita zolembedwazo zimatha kufotokoza nthawi imene mumachoka kunyumba ndi imene mumabwerera. Chikwama chotchinga sichithandiza kanthu pamenepa, pakuti chitetezo chili m'manja mwa osunga kaundulayo. Amalawife tikukumbukira kuti mu February 2024 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makompyuta opangira mapasipoti anathyoledwa ndi anthu ofuna dipo, ndipo ntchito yopereka mapasipoti inaima kwa masabata angapo.

Ndiye chikwama chija, ngati mwachikonda maonekedwe ake, gulani, chifukwa chimatchingadi. Koma musalipire ndalama zambiri chifukwa cha mantha, popeza kapepala ka aluminiyamu kokutira chakudya kakukhitchini, mukakapinda n'kukuta nako khadi, kamagwira ntchito yomweyo.