Funsani Makaniko: Getsi la oyilo likuphethira, vuto ndi switch kapena injini?

FUNSO

A Makaniko, ndine mayi wa ku Chonde m'boma la Mulanje. Malemu amuna anga anandisiyira Toyota Corolla ya 1997, ya injini ya 5A-FE, imene mwana wanga wamwamuna amanyamulira anthu pakati pa Luchenza ndi Chitakale. Posachedwapa getsi lofiira la oyilo, lija la chithunzi cha kaketulo, layamba kuphethira. M'mawa silivuta, koma masana akaima pa siteji injini ikulira yokha, limayaka n'kumazima. Akaponda moto limazimiratu. Oyilo tinayang'ana, ali pa mlingo wake, koma pamene galimoto yagona timapeza timadontho pansi. Mnyamata wina wa pa garaja akuti ndi ka switch chabe, atha kungozula waya wake getsilo lisiye kutisowetsa mtendere. Wina akuti injini yatha, tigule ina. Ndimvere ndani? Galimotoyi ndi imene ikutidyetsa.

Mayi wa ku Chonde, Mulanje

YANKHO

Mayi, pepani ndi imfa ya bambo a kunyumba, ndipo mwachita bwino kufunsa wayayo asanazulidwe. Mnyamatayo mumuuze kuti asayerekeze. Getsi limenelo ndi lokhalo limene lingakuuzeni kuti injini ikuuma m'kati, ndipo injini yosowa oyilo sichedwa kufa: mphindi zochepa chabe ma bearing (tizitsulo timene shafiti ya injini imazungulirapo) apsa, injini yanoka. Kuno ku Thyolo ndalandirapo magalimoto obwera chokokedwa kuchokera ku zitunda za Makwasa ndi Thekerani, ukasuzumira pansi n'kupeza waya wa switch uli lendelende, kunsonga kwake atakulungako pepala la pulasitiki. Eni ake amayenda mtima uli m'malo poti dashibodi inali zii.

Wachiwiriyonso wafulumira. Palibe makaniko amene angaimirire pambali pa galimoto n'kudziwa mphamvu ya oyilo ndi maso.

Switch akunenayo ndi kachipangizo kakang'ono, kokwana m'chikhatho, ndipo pa injini yanuyo kamangidwa m'thupi la injini pafupi ndi fyuluta ya oyilo, ndi waya umodzi wokha. M'kati mwake muli kachikopa kopyapyala, kasipuling'i ndi tizitsulo tiwiri togundana. Injini ikakhala yozima tizitsuloto timagundana, moto umadutsa n'kukathera m'thupi la injini, getsi limayaka. Pampu ikayamba kukankha oyilo, kachikopako kamakankhika, tizitsulo timalekana, getsi n'kuzima. Pa ma Toyota ambiri akale getsi limayaka mphamvu ya oyilo ikatsika kufika cha pa 0.2 bar (bar ndi muyeso wa mphamvu yokankha), komwe ndi kutsika kwambiri. Sikayeza kuchuluka kwa oyilo mu sampu (beseni la oyilo la pansi pa injini) ayi, n'chifukwa chake getsi litha kuyaka oyilo ali wodzadza. Kali ngati mlonda wa pa geti la esiteti ya tiyi: akaimba wezulo usiku, mwina wakuba walowadi, mwina maso a mlondayo ayamba kuona zideruderu. Simumulanda wezulo, mumatenga tochi n'kupita kukaona.

Kalata yanu ili ndi zizindikiro za mbali zonse ziwiri, ndipo ndi zimene zikundichititsa kuti ndisakupatseni yankho lachidule. Timadontho tija nthawi zina timachokera pa switch yeniyeniyo, pamene pulasitiki yakumana ndi chitsulo. Mwana wanu apukute malowo ndi kansalu, alize injini, aunike ndi tochi ya foni. Akaona oyilo akuchucha pamenepo, kapena akazula pulagi n'kupeza m'kati muli oyilo, ndiye kuti kachikopa kaja kang'ambika ndipo switch yatha. Asaiwalenso waya. Wa galimoto ya zaka zoposa 25 amauma n'kusupuka, ndipo ukamakhudza chitsulo getsi limaphethira ngakhale switch ili bwinobwino. Kuyesa kwake n'kosavuta: atembenuze kiyi osaliza injini, getsi liyake, azule waya, getsi lizime, agunditse wayayo ku thupi la injini, liyakenso. Likakana kuzima waya atazulidwa, vuto lili mu wayamo.

Koma zoti getsi limaphethira masana okha, injini yatentha ndipo ikulira yokha, ndi mmenenso imachitira injini yodyeka. Oyilo akatentha amasungunuka n'kukhala wamadzimadzi, pampu imazungulira pang'onopang'ono, ndipo ngati mipata ya m'ma bearing yakula oyilo amangopulumukira momwemo. Apa mpamene ndimakakamira geji. Makaniko amasula switch n'kumangapo geji ya paipi yoyezera mphamvu ya oyilo, kenako amaliza injini mpaka itenthe ndithu, fani izungulire. Kuyeza injini yozizira n'kudzinamiza, chifukwa oyilo wozizira amaonetsa nambala zokongola ngakhale pa injini yotheratu. Ikulira yokha, singano isatsike pansi pa 0.3 bar, ndipo ine mtima sukhala pansi ikakhala yosafika 0.5. Akaponda moto kufika pa 3,000 rpm (kuchuluka kwa maulendo amene injini ikuzungulira pa mphindi), ikwere kufika 2.5 bar kapena kupitirira, mpaka cha m'ma 5. Si garaja iliyonse ili ndi gejiyi. Ngati pafupi simuipeza, musayendetse galimoto mpaka ku Limbe kukaisaka. Ndi bwino kulipirira makaniko basi abwere nayo kwanu. Ndipo mpaka iyezedwe, galimoto isanyamule anthu. Ndikudziwa kuti tsiku lililonse loima ndi ndiwo zimene zasowa pakhomo, koma masiku awiri oima sangafanane ndi mtengo wa injini.

Geji ikaonetsa nambala zabwino, thokozani Mulungu, ntchito yatsala ndi yaing'ono. Pokagula switch yatsopano mutenge yakaleyo m'manja pamodzi ndi nambala ya chassis. Chifukwa chake ndi mazinga ake omangira. Magalimoto ambiri a ku Japan amagwiritsa ntchito mazinga a 1/8 BSPT, pamene ambiri a ku America ndi 1/8 NPT. M'maso n'zofanana, koma oyambawo ali ndi mizere 28 pa inchi, enawo 27. Yolakwika imalowa kawiri katatu n'kuuma, ndiye munthu wosadziwa amaonjeza mphamvu mpaka kuononga bowo. Palinso ina yaikulu, yooneka ngati kachitini, imene imapezeka pa magalimoto okhala ndi singano ya oyilo pa dashibodi, monga ma Land Cruiser akale a m'maesiteti. Imeneyo si ya getsi, pa Corolla yanu sigwira. Ya pa sikirapu ine sindilimbikitsa, popeza msinkhu wake ndi womwewo wa imene mukuchotsayo.

Pomanga, injini iyambe yazizira, chifukwa pa injini imeneyi malowo ali pansi pa mapaipi a utsi, ndipo amaotcha mkono koopsa. Achotse waya wa negetivi ku batire, apukute fumbi lonse lozungulira switch kuti dothi lathu lofiirali lisagwere m'bowo, aike kachitini pansi. Kutsanula oyilo yense sikufunika, amangotuluka pang'ono. Chomasulira ndi soketi yakuya, kawirikawiri ya 24 mm pa ma Toyota, ngakhale ma switch ena ali ndi mutu wokulirapo. Pulayala ayi: imaphwanya pulasitiki n'kudya ngodya zake.

Pa mazinga awiri kapena atatu apakepo pang'ono mankhwala omatira mazinga, kusiya akumapeto enieni osapaka kuti zisalowe m'njira ya oyilo. Ambiri amakulungapo tepi yoyera ya mapaipi a madzi, mpaka kunenepa. Kumeneko n'kulakwitsa kawiri. Switch imeneyi ilibe waya wachiwiri, moto wake umabwerera kudzera m'mazinga momwemo, ndiye tepi ikachuluka getsi litha kusayakanso ngakhale oyilo atatheratu. Komanso tizidutswa ta tepi timang'ambika n'kuyenda ndi oyilo. Ayambe kumanga ndi zala mpaka igwire bwino, kenako amalize ndi sipanala, cha pa 13 mpaka 15 Nm basi (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira). Mazingawa amanka nanenepa chakumtunda, choncho womanga ndi mphamvu zonse atha kung'amba chitsulo cha injini, ndipo mng'alu wa pamenepo ndi wovuta kuukonza. Mankhwala aja awapatse ola limodzi kuti aume asanalize injini. Kenako atembenuze kiyi: getsi liyake injini isanalire, lizime m'masekondi ochepa ikangolira. Likapanda kuyaka n'komwe, ntchito sinathe. Injini ikatentha aunikenso ngati pakuchucha, ayang'anenso mlingo wa oyilo.

Nanga geji ikaonetsa mphamvu yochepa? Ngakhale apo musathamangire kugula injini. Ayambe ndi oyilo ndi fyuluta, makamaka ngati mumaonjezera oyilo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, amene palibe akudziwa kumene wachokera. Oyilo wonunkha petulo ndi wosungunuka kale. Kenako amasule sampu aone kasefa kamene pampu imayamwira oyilo. Pa matakisi ochedwa kupita ku sevisi ndimakapeza katatsekeka ndi phala lakuda lolimba, timabowo take osaoneka n'komwe. Kukatsuka kokha mphamvu imabwerera. Zikakanika apo mpamene timayang'ana pampu ndi ma bearing, ndipo zonsezi zimasinthika pa injini yomweyo. Oyilo wolemera ngati 20W-50 amakwezako singano pa injini yokalamba, koma sabwezeretsa chitsulo chimene chadyeka.

Mwana wanu mumuuzenso izi: getsi likayaka galimoto ikuthamanga, kapena akamva injini ikugogoda, aime pambali n'kuzimitsa nthawi yomweyo, ngakhale siteji ikuoneka patsogolo. Mukayezetsa, mundilemberenso nambala ziwiri zija, ya injini ikulira yokha ndi ya pa 3,000 rpm, ndidzakuuzeni ngati sampu ikufunika kumasulidwa.