Mwana wanu asasiye bandi chifukwa cha mayeso

Mayi wina walemba kuti mwana wawo wamkazi wa zaka 16 amaimba gitala ya besi m'kagulu ka achinyamata a m'dera lawo. Amayeserera Loweruka lililonse, ndipo nthawi zina amaitanidwa kukaimba pa zochitika za kusukulu ndi za m'deralo. Kwatsala chaka chimodzi kuti alembe mayeso omaliza. Mayiwo akufunsa ngati kungakhale bwino kumulanda gitalayo mpaka atalemba, poti kwa iwo kuimba sikudyetsa munthu.

Mayi, musamulande. Nkhawa yanu ndi ya chikondi, ndipo za mayesozo tikambirana. Koma kodi munapitako kukamuonera akuimba? Sindikunena zomumva ali kuchipinda akubwereza kachigawo kamodzi mpaka nyumba yonse kutopa ayi, ndikunena gulu lonse lili pa siteji, anthu atadzaza kutsogolo. Wa besi saonekera ngati wotsogolera nyimbo. Ntchito yake ndi kumvana ndi wa ng'oma: ng'oma yaikulu ikagunda, chala chake chigunde pomwepo. Akachedwa pang'ono chabe, ovina amamva m'thupi kuti pena palakwika, ngakhale sangathe kuloza kuti ndi pati. Akamvana, holo yonse imagwedezekera pamodzi, agogo ndi tiana tomwe. Mwana amene walawa zimenezi amadziwa kuti alipo anthu omudalira, ndiponso kuti iyeyo payekha sangaimbe nyimboyo. Ana ambiri a msinkhu umenewu amasakasaka malo oti aziwerengedwa chonchi, ndipo si onse amawapeza pabwino.

Nyimbo ya pa foni imamveka chimodzimodzi lero ndi mawa. Yoimbidwa pamaso pa anthu odziwana nawo imasintha malinga ndi amene abwera. Wotsogolera akaona kuti anthu sanakhute, amangocheuka n'kugwedeza mutu, gulu lonse n'kubwereza kolasi popanda wolankhula. Wina m'khamumo amakuwa dzina la woimba chifukwa anamuona akukula. Chisangalalo chotere ine ndimachiwerengera ngati chinthu chofunika pachokha, osati chokongoletsera kalata yofunsira ntchito.

Maiko ena anachiona kalekale. Ku France, mu 1982, nduna ya zachikhalidwe Jack Lang inakhazikitsa Fête de la Musique, tsiku la 21 June limene aliyense, katswiri kapena wongoyamba kumene, amatuluka n'kukaimba m'misewu ndi m'mabwalo kwaulere. Mwambowu unafalikira ku maiko oposa 100. Ku Venezuela, mu 1975, José Antonio Abreu anayamba ndi achinyamata 11 okha ntchito imene inakula n'kukhala El Sistema, yophunzitsa ana, ambiri a m'mabanja osauka, kuimba zida pamodzi. Gustavo Dudamel, amene anayamba kutsogolera Los Angeles Philharmonic mu 2009, anakulira m'menemo. Komatu cholinga cha Abreu sichinali kupanga anthu otchuka. Iye ankafuna kuti mwana akhale ndi mpando wake pakati pa anzake.

Pa zoti kuimba sikudyetsa munthu, mbali ina mukunena zoona. Oimba amene amadalira siteji yokha ndi ochepa, ndipo ambiri amaphatikiza ndi kuphunzitsa, kuimbira ena m'situdiyo, kapena ntchito ina yosiyaniratu. Koma yang'anani amene azungulira sitejiyo. Wokhala pa mikisa uja, woonetsetsa kuti mawu asalire m'masipika, akugwiritsa ntchito fizikisi ndi masamu. Pali okonza zida zamagetsi, oyendetsa zochitika, owerengera ndalama, maloya oona za umwini wa nyimbo, aphunzitsi a nyimbo, ngakhalenso ogwiritsa ntchito nyimbo pothandiza odwala. Zitseko zonsezi zimafuna satifiketi yabwino. Mfundo imeneyi mwana wanu aimva msanga kuposa kumuopseza, chifukwa ikumuonetsa kuti buku ndi gitala sizikulimbana.

Ngati akufuna kuti luso lakelo likhale ndi pepala, mabungwe monga ABRSM ndi Trinity College London amalembetsa mayeso a nyimbo kuyambira giredi 1 mpaka 8, ndipo a Trinity ali ndi gawo la Rock & Pop momwe besi ilimo. Zimenezi zikhoza kudikira mpaka amalize sukulu.

Chimene chikufunika panopa ndi pangano, ndipo mulipange muli naye limodzi. Kuyeserera kwa Loweruka kupitirire malinga ngati ntchito ya kusukulu yatha Lachisanu. Kukaimba kunja kuchepe teremu yomaliza, koma kusatheretu. Mudziwe amene akutsogolera gululo, mukhale ndi nambala yake, ndipo mumve kumene akukaimba ndi nthawi yobwerera. Malo ogulitsa mowa ayi, pa msinkhu uwu palibe zokambirana. Magiredi akayamba kutsika mukhalenso pansi, koma muyambe mwafufuza chenicheni chimene chawatsitsa, chifukwa nthawi zambiri foni imadya maola ochuluka kuposa gitala.

Palinso china chimene makolo sachiganizira: makutu. Wa besi amaima pafupi ndi ng'oma ndi ampulifaya. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati phokoso la madesibelo 80 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) munthu wamkulu angakhalemo maola 40 pa sabata, koma likakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawiyo imatsika ndi theka. Mu 2022 bungweli linalangiza kuti malo oimbirako asapitirire madesibelo 100. Kumva kukaonongeka ndi phokoso sikubwereranso. Mugulireni zotsekera m'makutu za oimba, zimene zimachepetsa phokoso popanda kubisa nyimbo.

Ndipo iwe mtsikana, ngati amayi akuonetsa yankholi, usaliyese chilolezo choti uzichita zimene ukufuna. Anzako a m'bandi ukawauza kuti ufika 2 koloko, umafika, chifukwa ukudziwa kuti popanda besi sangayambe. Amayi ako uwasungire mawu chimodzimodzi. Uwauze wekha tsiku limene mudzaimbenso, uwasungire mpando, ndipo mukamaliza uwatengere kwa anzakowo akawapatse moni.